Kuchoka pa tebulo la pa Chimbiya kukafika ku Sheffield

Aliyense woyenda pamsewu wa M1 akaima pa Linthipe, pa Chimbiya kapena pa Dedza boma chakumadzulo salephera kumva phokoso la mipira ya pool ikugundana pakhonde la golosale kapena m'kachisakasa ka malata.

Ngakhale m'mwezi wa June, pomwe chisanu cha m'phiri la Dedza chimalowa mpaka m'mafupa, anyamata amakhala atazungulira tebulo, manja ali m'thumba, kudikira kuti tokeni yawo ifike. Ena ndi akabaza, ena ogulitsa kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu, ena ndi oti anamaliza Fomu 4 koma ntchito sikuoneka. Lamulo lake ndi lodziwika: wopambana amakhalabe pa tebulo, wogonja amapereka ndodo kwa mnzake.

Pali anthu ena amene amangowatchula masewerowa kuti snooker, koma snooker yeniyeni ndi ina, ndipo kunja kuno ikudyetsa anthu. M'mwezi wa May 2025, mnyamata wa ku China, Zhao Xintong, anagonjetsa Mark Williams wa ku Wales ndi magemu 18 kwa 12 mu ndime yotsiriza ya mpikisano wa dziko lonse ku Crucible Theatre mumzinda wa Sheffield ku England. Anapita kwawo ndi mapaundi 500,000, zomwe pa mtengo wa kubanki wa nthawiyo zinali ndalama zoposa K1 biliyoni.

Chodabwitsa n'chakuti Zhao analowa mumpikisanowo ngati wosewera wamba, wopanda chiphaso cha akatswiri olipidwa, ndipo anayambira pansi penipeni pa ndime zachipulula. Nanga mnyamata waluso wa pa Chimbiya angadutse njira yomweyo?

Khomo lopapatiza

Snooker ya akatswiri imayendetsedwa ndi bungwe la World Snooker Tour, lomwe limakhala ndi malo pafupifupi 128 okha a osewera a dziko lonse lapansi. Pakutha pa chaka cha masewero, amene ali pa nambala 1 mpaka 64 amakhala otetezeka. Mwa otsalawo, amene chiphaso chawo chatha ndipo sanachite bwino, chikwanje chimawadutsa monga momwe chimadutsira matimu a kumunsi kwa Super League.

Njira yodziwika kwambiri yolowera kapena kubwererako ndi mpikisano wotchedwa Q School, womwe unayamba m'chaka cha 2011 pomwe Barry Hearn ankatsogolera masewerowa. Dzinalo lisakunamizeni, kulibe mphunzitsi kapena bolodi. Ndi mpikisano wodzigulira malo womwe aliyense wolipira ndalama yolowera amaloledwa kuyesa mwayi. M'zaka zoyambirira ndalamayo inali mapaundi 1,000, osawerengera thiransipoti, chakudya ndi malo ogona.

M'zaka za 2023, 2024 ndi 2025 mpikisanowu unachitikira mumzinda wa Leicester. Osewera oposa 100 ankalimbirana ziphaso 8 zokha, zinayi m'gawo loyamba ndi zinayi m'gawo lachiwiri. Woyamba kupambana magemu anayi ndiye ankapitirira, wogonja n'kumadikira gawo lachiwiri. Akagonjanso kumeneko, ndiye kuti chaka chonse chapita. Kuyambira mu 2022, mpikisano wina wotere wakhala ukuchitikira ku Bangkok m'dziko la Thailand pofuna kuchepetsera ulendo osewera a ku Asia ndi Oceania.

Ku Q School sikuona nkhope kapena mbiri ya munthu. Mwana wa zaka 16 amatha kukumana ndi bambo wa imvi amene anatengapo zikho pa kanema. Fergal O'Brien wa ku Ireland, yemwe anapambana British Open mu 1999, anachita kukalimbirana chiphaso kumeneku mu 2022 ali ndi zaka 50, ndipo anachipeza. Michael Holt wa ku England, yemwe anatenga chikho cha Shoot Out mu 2020, anatsika mu 2022 ndipo Q School inamukana. Anabwerera mu 2024 kudzera m'mipikisano ina ya osewera wamba yotchedwa Q Tour, yomwenso inapatsa Zhao chiphaso chake chatsopano.

Chiphasocho ndi cha zaka ziwiri, ndipo walira mvula walira matope. Wochilandira amayamba kukumana ndi akamuna pa ndodo kuyambira sabata yoyamba, amadzilipirira maulendo ambiri, ndipo m'mipikisano yambiri wogonja mu ndime yoyamba amatuluka chimanjamanja. N'chifukwa chake mu 2022 bungweli linayamba kutsimikizira wosewera aliyense mapaundi 20,000 pachaka, ndalama zomwe zimachotsedwa pa mphoto zomwe angapambane. Kuno kwathu zikumveka zambiri, koma kwa munthu wochita lendi ku England, kulipira malo ophunzirirapo komanso kukwera ndege kupita ku mipikisano, sizichedwa kutha.

Khomo la Africa

Wosewera wa ku Malawi sakufunika kuyambira ku Leicester. M'zaka zapitazi World Snooker Tour yakhala ikupereka chiphaso kwa katswiri wa mpikisano wa mayiko a mu Africa. Amine Amiri wa ku Morocco anachipeza mu 2019 atapambana pa masewero a African Games omwe anachitikira kwawo. Mohamed Ibrahim wa ku Egypt anatsatira mu 2022, kenaka Mostafa Dorgham mu 2023 ndi Hatem Yassen mu 2024, onsewa a ku Egypt komweko.

Maina amenewa akuonetsa kumene kuli mphamvu. Egypt ndi Morocco ali ndi makalabu okhala ndi matebulo a snooker komwe achinyamata amasewera tsiku ndi tsiku. Komabe ngakhale akatswiri amenewa akafika ku England zimawavuta, ndipo ambiri amabwerera kwawo zaka ziwiri zikatha.

Kum'mwera kwa Africa kuno mbiri yabwino ili ndi South Africa. Perrie Mans anafika mu ndime yotsiriza ya mpikisano wa dziko lonse mu 1978 pomwe anagonja kwa Ray Reardon, ndipo chaka chotsatira anatenga chikho cha Masters. Silvino Francisco naye anapambana British Open mu 1985. Koma m'zaka zaposachedwapa, dera lino lakhala chete pa snooker ya akatswiri.

Vuto ndi tebulo

Chotchinga choyamba kwa mnyamata wa ku Dedza si luso kapena chitupa cha ulendo, koma tebulo lenilenilo. Tebulo la pool lomwe lili m'malo ochitira malonda ndi lotalika mafiti 6 kapena 7, ndipo limakhala ndi mipira 16: isanu ndi iwiri ya mbali imodzi, isanu ndi iwiri ya mbali inayo, wakuda ndi woyera. La snooker ndi la mafiti 12 m'litali ndi 6 m'lifupi, kutanthauza kuti malo oyenda mpira ndi aakulu pafupifupi kanayi. Pansi pa nsalu yake pamakhala miyala yosalala yolemera kwambiri, moti tebulo lonse limapitirira tani imodzi ndipo limafuna chipinda chakechake.

Mipira ya snooker ndi 22. Yofiira ilipo 15 ndipo uliwonse ndi pointi imodzi. Wachikasu ndi mapointi awiri, wobiriwira atatu, wabulauni anayi, wabuluu asanu, wapinki 6, wakuda 7. Wosewera amamwetsa wofiira, kenaka wa mtundu wina, n'kubwereranso ku wofiira, ndipo akachita zonse mosaphonya angathe kufika pa mapointi 147.

Apa ndi pamene pagona kusiyana. Pa pool munthu wa diso lakuthwa amatha kumaliza gemu m'mphindi zochepa. Pa snooker mpira umayenda mtunda wautali kukalowa m'bowo losakhululuka, ndipo katswiri amakhala akuganizira kumene mpira woyera ukaime pakatha mashoti atatu kapena anayi. Gemu imodzi imatha kudya theka la ola kapena kuposerapo. Akatswiri amaphunzira maola ambiri patsiku, kawirikawiri ali okhaokha, kubwereza shoti imodzi mpaka dzanja litazolowera.

Masewerowa anayambitsidwa ndi asilikali a ku Britain omwe anali ku Jabalpur m'dziko la India cha m'ma 1875, ndipo kuno anafika ndi atsamunda. Mpaka lero matebulo ake amapezeka makamaka m'makalabu akale a m'mizinda monga Blantyre Sports Club ndi Lilongwe Golf Club. Kuchoka pa Dedza boma kupita ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85. Kwa wakabaza amene amadya zomwe wapeza tsiku lomwelo, kukwera minibasi kupita ndi kubwera, kuonjezapo zolipira pakalabu, si chinthu choti angachite ngakhale kamodzi pasabata.

Pool si yochepa

Izi sizikutanthauza kuti maola omwe anyamata amathera pa tebulo laling'ono ndi otayika. Mark Selby wa ku Leicester, yemwe anatenga chikho cha snooker cha dziko lonse kanayi, mu 2014, 2016, 2017 ndi 2021, analinso katswiri wa dziko lonse wa pool mu 2006. Kagwiridwe ka ndodo, kaimidwe ndi kudekha mtima ndi zimodzimodzi pa matebulo onse awiri.

Ndiponso pool payokha ili ndi makwerero ake. Mayiko a mu Africa amapikisana pa pool ya mpira wakuda, ndipo Amalawi akhala akupita kukasewera ndi anzawo a ku Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Uganda. Dzina la Grievin Stanford, wodziwika bwino kuti Ginte, lamveka mpaka kunja kwa dziko lino, ndipo achinyamata ambiri amaonera magemu ake pa foni kudzera pa Facebook. Ku China nako kwakula mtundu wina wa pool wotchedwa heyball, womwe umaseweredwa pa tebulo la mafiti 9 lokhala ndi mabowo onga a snooker, ndipo mipikisano yake imakopa osewera a ku Africa.

Asungwana nawo khomo lawo lilipo. Mu 2021 World Snooker Tour inayamba kupereka ziphaso kwa amayi ochita bwino m'mipikisano yawo, ndipo oyamba kulandira anali Reanne Evans wa ku England ndi Ng On-yee wa ku Hong Kong. Koma kuno, malinga matebulo ambiri ali pafupi ndi malo omwera mowa, makolo sangalole mwana wamkazi kuyandikirako.

Njuga ndiye mdani

Chimene chimaipitsa mbiri ya pool m'midzi ndi kubetcha. Makolo ndi aphunzitsi amadandaula kuti ana amathawa m'kalasi kukathera tsiku pa tebulo, ndipo m'mabanja ena ndalama ya ndiwo kapena ya feteleza imathera komweko. Wosewera wozolowera kubetcha amaphunziranso khalidwe loipa lobisa luso, kugonja dala magemu oyamba kuti mnzake aike ndalama zambiri.

Ku snooker ya akatswiri khalidwe lotere ndi mlandu waukulu. Mu 2023 osewera 10 a ku China analangidwa pa nkhani yokonzeratu zotsatira za masewero, ndipo awiri mwa iwo, Liang Wenbo ndi Li Hang, analetsedwa kusewera moyo wawo wonse. Zhao anali m'gulu lomwelo. Iye sanagulitse gemu yake, koma anavomera kuti anakhudzidwa ndi zomwe mnzake anachita komanso kuti ankabetcha pa masewero a snooker. Anaimitsidwa miyezi 20, chiphaso chake chinatha, ndipo n'chifukwa chake mu 2025 anafika ku Sheffield ngati wosewera wamba.

Poyambira ndi pafupi

Mpira wamiyendo waonetsa kale kuti boma la Dedza lingathe kukwera makwerero. Timu ya Dedza Dynamos inayamba kusewera mu Super League mu 2022 itadutsa mu ligi ya m'chigawo chapakati. Inafika kumeneko chifukwa panali ligi yokhala ndi ndandanda, oimbira, malamulo ndi mapointi olembedwa.

Pool ya m'malo ochitira malonda imasowa zimenezi. Katswiri wa pa Lobi amadziwika pa Lobi pokha, wa pa Mayani naye chimodzimodzi, ndipo malamulo amatha kusiyana kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina. Kukonza zimenezi sikulira mapaundi. Eni matebulo a pa Thete, Bembeke, Linthipe ndi Dedza boma angathe kugwirizana tsiku limodzi pamwezi, kutsatira malamulo amodzi omwe amagwira ntchito m'mipikisano ya dziko lino, kuletsa kubetcha ndi ana a sukulu pa nthawi ya maphunziro, n'kumalemba zotsatira. Opambana ndiwo angatumizidwe ku mipikisano ya m'chigawo, komwe oyendetsa masewerowa ndi makampani othandiza angawaone.

Pambuyo pake padzafunika tebulo lalikulu ngakhale limodzi, loikidwa pamalo opanda mowa monga holo ya achinyamata, pomwe mwana wa zaka 12 angaphunzire popanda kholo lake kuda nkhawa. Akatswiri ambiri a snooker anayamba asanafike zaka zimenezo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma kuti adumphe amayamba wapeza poponda.