Tiyeni tisoke Kirby, kanyama kapinki ka m'gemu

Mwa zinyama zonse zopezeka m'magemu, chosavuta kujambula ndi Kirby. Tengani pensulo, lembani chozungulira, ikani timaso tiwiri titalitali, kakamwa, timikono tiwiri ndi mapazi ofiira, basi mwatha. Koma mukati mumusoke ndi nsalu kuti mum'gwire m'manja, pamatuluka funso lofunika kuliganizira bwino. Nsalu ndi yafulati. Nanga ingasanduke bwanji mpira?

Tisanagwire singano, timudziwe kaye mwini wakeyo. Kirby anaoneka koyamba mu 1992 m'gemu yotchedwa Kirby's Dream Land, imene inapangidwa ku Japan ndi kampani ya HAL Laboratory. Inkaseweredwa pa Game Boy, kachipangizo ka Nintendo kogwira m'manja. Amene anamujambula koyamba ndi Masahiro Sakurai, ali mnyamata wa zaka 19 zokha. Poyamba chozungulira chija chinali chongosungira malo. Cholinga chinali choti pambuyo pake aikepo chinyama china chojambulidwa mwaluso. Koma masiku atapita anthu ogwira ntchitoyo anakazolowera kampira kaja, nakakonda, ndipo anakasiya momwemo.

Sakurai ankafuna kuti Kirby akhale wapinki, koma sikirini ya Game Boy sinkaonetsa mitundu ngati mafoni a masiku ano. Inkangoonetsa zowala ndi zodera, mitundu inayi yokha. Ndiye gemuyo itafika ku America, pakatoni yake anajambulapo Kirby woyera! Mu 1993 kunatuluka gemu ina, Kirby's Adventure, yoseweredwa pa TV, ndipo m'menemo aliyense anaona ndi maso ake kuti kanyamaka n'kapinki. M'gemu yomweyo Kirby anayamba luso limene amadziwika nalo kwambiri: akameza mdani, amatenga mphamvu za mdaniyo. Akameza wa moto amalavula moto, akameza wa lupanga amagwira lupanga. Eni ake amati kutalika kwake ndi masentimita 20. Ife tisoka wamng'ono, wa masentimita 10, wokwana bwino m'manja.

Tsopano funso lija. Ana ambiri akamva zosoka mpira amadula nsalu ziwiri zozungulira, n'kuzisoka m'mbali, n'kuikamo thonje. Chotulukapo chimakhala ngati chitumbuwa, chotukuka pakati koma chophwathalala m'mbali. Ukakakamiza kuikamo thonje lambiri, msoko umachita makwinya. Vuto si dzanja la wosoka ayi. Vuto n'lakuti nsalu ziwiri zafulati sizingakute chinthu chozungulira mbali zonse.

Yankho lake mungalipeze pa lalanje. Pemphani wamkulu akuchekereni khoko la lalanje ndi mpeni, kuchokera kumutu mpaka kunsi, mizere 6 yotalikirana mofanana. Musendeni mosamala kuti zidutswa zisang'ambike, ndipo chidutswa chimodzi muchiyale patebulo. Mukuona maonekedwe ake? N'chachikulu pakati, chosongoka uku ndi uku. Chili chokha chimagona pansi pafupifupi mwafulati. Koma mukabwezeretsa zonse 6 pamodzi, nsonga kukumana ndi nsonga, lalanje lija labwerera. Umu ndi mmene osoka zidole amapangira mutu kapena thupi lozungulira. Mipira yopopa yosewerera kunyanja nayonso imalumikizidwa chonchi, ndiponso opanga mapu a dziko lonse ozungulira aja amamata mapepala a maonekedwe omwewa. Ine zimenezi zimandisangalatsa kwambiri, chifukwa pamenepa masamu a m'kalasi amafika m'manja.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mpira uliwonse ukauyeza mozungulira pamimba pake, muyezowo umaposa kukula kwa mpirawo katatu ndi pang'ono, kunena molondola ka 3.14. Mpira wathu ndi wa masentimita 10, ndiye kuzungulira kwake ndi masentimita 31 ndi kanthu pang'ono. Chidutswa chilichonse chimayenda theka la ulendowo, kuchokera pamutu kufika pansi, choncho m'litali chikhale masentimita 16. M'lifupi, pakati penipeni, tigawa 31 uja kwa zidutswa 6, ndipo chilichonse chipeza masentimita 5 ndi pang'ono.

Dulani pepala la masentimita 16 m'litali ndi 5 m'lifupi. Lipindeni pakati m'litali, mulipindenso pakati m'lifupi. Kenaka lembani mzere wokhota kuchokera pakati potambalala kutsikira ku nsonga, ndipo mudule motsata mzerewo. Mukalifunyulula mudzapeza kuti mbali zonse zafanana zokha, popanda kuvutika ndi rula. Lembererani pakatoni yolimba kuti mukhale ndi patani yoti muigwiritse ntchito kambirimbiri.

Nsalu yake musaivutikire. Tisheti yapinki imene inakucheperani ndi yabwino, bola mupemphe kaye kwa amayi musanaidule. Atelala nawonso amakhala ndi tizidutswa totsala pansi pa makina, ndipo mukawapempha mwaulemu ambiri sakana. Mufunika yapinki yambiri, yofiira pang'ono ya mapazi, ndi tizidutswa takuda, toyera ndi tabuluu ta maso. Pakhalenso singano, ulusi, sizasi, choko kapena pensulo, ndi mapini ochepa.

Pali chinsinsi chimodzi pa nsalu ya tisheti chimene ambiri sachidziwa. Ikokeni cham'mbali, kenaka muikoke chotsika. Mwamva kusiyana? Mbali imodzi imatamuka kwambiri kuposa inzake. Mukadula zidutswa zina choimirira, zina chopingasa, Kirby wanu adzatuluka wopendekeka, kwina kotupa kwina kophwa. Choncho patani ija muziiyala moyang'ana mbali imodzi nthawi zonse 6. Lemberani kuseri kwa nsalu, ndipo podula musadule pamzere penipeni. Siyani theka la sentimita kunja kwa mzere, chifukwa pamzerepo ndi podutsa singano.

Tengani zidutswa ziwiri, muzigundanitse kumaso ndi kumaso, kuseri kukhale kunja. Zimaoneka ngati zolakwika, koma n'zadala. Pamapeto tidzatembenuza, ndipo misoko yonse ndi mfundo zake zidzabisala m'kati. Sokani mbali imodzi yokha, kuchokera ku nsonga kufika ku nsonga inayo. Kasokedwe kongolowetsa ndi kutulutsa singano kutsogolo kokhakokha n'kofulumira, koma kamasiya mipata, ndipo thonje likadzalowa lidzasuzumira panja. Kabwino n'kobwerera m'mbuyo. Singano ikatulukira kutsogolo, ibwezeni ilowe pabowo pomwe ulusi unathera, idutse pansi, ikatulukirenso kutsogolo pang'ono. Mukayang'ana pamwamba ulusi umaoneka ngati mzere umodzi wosaduka, wofanana ndi wa makina. Ulusi usatalike kwambiri, kuchokera kuzala kufika pachigongono n'kokwanira. Wautali umapiringizana.

Onjezerani chidutswa chachitatu, ndipo mudzaona kuti mwapeza kambale. Kaikeni pambali, musoke kambale kena ndi zidutswa zitatu zotsalazo. Pomaliza lumikizani timbale tiwirito ndi msoko umodzi wozungulira. Chifukwa chochitira chonchi n'chakuti pamutu ndi pansi, pomwe nsonga 6 zimakumana, ndi pamene pamavuta. Mukamawonjezera chidutswa chimodzichimodzi mpaka kumapeto, pamenepo pamatsala kabowo. Koma timbale tiwiri tikalumikizidwa ndi msoko wodutsa pamwamba pa nsongazo, pamatsekeka bwino. Musaiwale kusiya mpata wa masentimita 4 cha kumbuyo. Amene waiwala mpatawu amakhala ndi chidole chotsekeka chili chotembenuka, ndipo amayamba kuphwasula.

Singano mukaipumitsa musaisiye pamphasa kapena pampando. Ibayeni pa kachidutswa ka nsalu kokulungiza, kuti mng'ono wanu asaiponde. Ndipo pamenepa ndikuuzeni nkhani, chifukwa mbiri ya zidole zansalu za m'sitolo imakhudzana ndi kobayapo singano. Ku Germany, m'tauni ya Giengen, kunali mayi wina dzina lake Margarete Steiff, wobadwa mu 1847. Ali khanda anadwala poliyo, moti moyo wake wonse ankayenda pa njinga ya olumala, ndipo dzanja lake lamanja linali lofooka. Anaphunzirabe kusoka. Makina osokera anawatembenuza kuti aziwapukusa ndi dzanja lamanzere. Mu 1880 anasoka kanjovu kakang'ono koti azimayi azibayapo mapini. Ana atakaona anakatenga n'kuyamba kusewera nako, ndipo anthu anayamba kukafuna ngati chidole. Mu 1902 Richard Steiff, mwana wa mchimwene wake, anakonza chimbalangondo chansalu chosuntha mikono ndi miyendo. Kampani ya Steiff ilipo mpaka lero m'tauni yomweyo.

Tibwerere kwa Kirby. Tembenuzani mpira wanu kudzera pampata uja, pang'onopang'ono, mukukankha ndi kumbuyo kwa pensulo. Tsopano ndi nthawi yomudyetsa. Thonje ndi labwino, zam'kati mwa pilo yakutha ndi zabwinonso, ngakhale tizidutswa ta nsalu todulidwa ting'onoting'ono timagwira ntchito. Chimanga, nyemba kapena mpunga musaikemo, chifukwa mudzaitana anankafumbwe ndi makoswe, ndiponso chidolecho sichidzachapika. Lowetsani pang'onopang'ono, kachidutswa kamodzi nthawi imodzi, mukuyamba ndi m'mbali mwa misoko. Mukalowetsa chibuluma chachikulu kamodzi, Kirby amatuluka ndi mabampu. Muzimuzunguza m'manja ndi kumufinya kuti mumve pamene pali pophwa. Thonje limalowa lambiri kuposa mmene mungaganizire.

Potseka mpata uja pali kasokedwe kena kokongola. Pindirani milomo ya nsalu m'kati. Lowetsani singano m'mphepete mwa mlomo umodzi, iyende pang'ono m'kati mwa popindapo, ituluke. Iwolokereni ku mlomo winawo, moyang'anizana ndendende, muchite chimodzimodzi. Ulusi udzaoneka ngati makwerero pakati pa milomo iwiriyo. Mukawoloka kanayi kapena kasanu, kokani ulusi mofatsa ndipo muone zimene zichitike: milomo ikumana, ulusi wonse usowa.

Mikono ndi mapazi ndiye kumene nsalu ziwiri zafulati zija zimagwira ntchito. Mkono uliwonse ndi tinsalu tiwiri ta masentimita 3 tobulungira kumapeto, phazi lililonse ndi tinsalu tiwiri tofiira tozungulira motalikirako, ta masentimita 6. Sokani, tembenuzani, ikanimo thonje, ndipo muzilumikize kuthupi ndi kasokedwe ka makwerero kaja, mozungulira kawiri kuti zisathothoke. Mapazi muyambe mwawagwiriza ndi mapini, mum'khazike Kirby patebulo. Akagwa chagada, sunthirani mapazi kumbuyo pang'ono. Akagwa chafufumimba, asunthireni kutsogolo.

Nkhope isungeni komaliza, ndipo pano musafulumire. Kuti munthu aone chidole n'kunena kuti "uyu ndi Kirby", zimadalira maso. Yang'anitsitsani chithunzi chake. Maso ake si ozungulira, ndi ataliatali choimirira, ndipo ndi oyandikana kwambiri. Kumtunda kwa diso lililonse kuli kadontho koyera, kumunsi kuli kabuluu. Timasaya tapinki woderako tili chopingasa, m'munsi pang'ono mwa maso, cha kunja. Kakamwa n'kakang'ono zedi. Dulani zonsezi, muziyale pankhope ndi mapini, muike chidolecho patali pang'ono n'kuchiyang'ana. Sunthani diso limodzi theka la sentimita lokha, mudzaona nkhope yonse itasintha: wokondwa uja asanduka wodabwa kapena watulo. Mukakhutira, ndiye sokani. Nkhope ikhale pakati pa chidutswa chimodzi kuti msoko usadutse pakati pa maso. Ngati chidolechi chikupita kwa mwana wosakwana zaka 3, musaike mabatani kapena mikanda, chifukwa ana aang'ono amaika zinthu m'kamwa ndipo zingawatsamwe. Maso ansalu osokedwa molimba ndiwo abwino.

Kirby ali ndi eni ake, a Nintendo ndi a HAL Laboratory, choncho wathuyu ndi wosewera naye kunyumba kapena wopatsa mnzathu, osati wokagulitsa. Eni akewo nawonso anaganizapo za singano ndi ulusi: mu 2010 anatulutsa gemu ya pa Wii yotchedwa Kirby's Epic Yarn, mmene Kirby ndi wa ulusi woluka ndipo dziko lonse ndi la nsalu, mabatani ndi zipi.

Patani yakatoni ija musaitaye. M'dziko la Kirby muli kanyama kena kotchedwa Waddle Dee, kozungulira chimodzimodzi, ka thupi lofiirira ngati lalanje lakupsa, nkhope yotuwira ndi mapazi achikasu. Zidutswa zake ndi 6 zomwe zija. Chowonjezera ndi kansalu kotuwa ka pankhope, kosokedwa pamwamba thonje litalowa kale, ndipo za kakamwa musavutike nazo chifukwa Waddle Dee alibe pakamwa.