Tchuthi cha banja: zomwe ena amakafuna ku Joni, Mzimba ili nazo

Sukulu zikatsekera, makolo ambiri a m'tauni amayamba kudzifunsa komwe angapite ndi ana. Pa Mzimba Boma funsoli limayankhidwa mwachangu, pakuti bomali lili ndi abale ambiri ku South Africa, ndipo zithunzi za ana akusangalala m'mapaki a ku Johannesburg zimafika tsiku ndi tsiku pa WhatsApp. Tisanaganize zogulitsa ng'ombe kuti tipeze ya basi, ndi bwino kumvetsa chomwe malo amenewa amagulitsa, ndi kuona ngati sichipezeka pafupi.

Paki yachisangalalo ndi malo otchingidwa omwe munthu amalipira pachipata, ndipo mkati mwake amapezamo makina okwera, masewera, malo odyera, nthawi zinanso hotela. Yodziwika kwambiri ndi Disneyland, yomwe idatsegulidwa mu 1955 ku California m'dziko la America. Kuno kummwera kwa Africa, Amalawi ambiri amadziwa Gold Reef City ya ku Johannesburg, yomwe idamangidwa pa mgodi wakale wa golide. Migodi ya mtundu umenewu ndi yomwe agogo athu ankapitako kudzera ku Wenela, koma lero anthu amalipira kuti akaione.

Malo otere amakopa mabanja pa zifukwa zitatu. Ana amakhala ndi chochita kuyambira m'mawa mpaka madzulo, makolo amapeza mpata wopuma, ndipo chakudya ndi pogona zimakhala pamodzi. Mtengo wake ndiwo umalemera. Aliyense m'banja ayenera kukhala ndi pasipoti, basi imayenda masiku kudutsa Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo zonse za ku Joniko zimalipiridwa m'marandi pa nthawi yomwe ndalama zakunja zikusowa m'dziko muno.

Zinthu zitatu zija zimapezekanso m'boma la Mzimba, ngakhale kulibe makina okwera. Pa mapiri a Viphya, mukapatuka pa msewu wa M1 ndi kuyenda makilomita pafupifupi 10 pa msewu wafumbi, mumafika ku Luwawa Forest Lodge, pafupi ndi damu la Luwawa. Kumeneko alendo amapalasa bwato, kuwedza nsomba, kupalasa njinga m'tinjira ta m'nkhalango, kukwera matanthwe ndi zingwe komanso kuyenda maulendo a pansi motsogozedwa ndi anthu odziwa dera. Mwana wokulira m'tauni, yemwe amadziwa mtengo wa paini ngati thabwa lokha, amakauona uli chilili.

Banja lofuna mbiri likhoza kulunjika ku phiri la Hora. Chaka chilichonse mu Ogasiti, Angoni a kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa amasonkhana m'tsinde mwa phirili pa mwambo wa Umthetho, womwe amakonza ndi a Mzimba Heritage Association. Mwambowu umachitika ana ali pa tchuthi chachitali, choncho akhoza kuona ingoma ikuvinidwa ndi eni ake atanyamula zishango, osati pa wailesi ya kanema. Kummwera kwa bomali kuli mishoni ya Embangweni, yomwe idakhazikitsidwa ndi mmishonale Donald Fraser kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo tchalitchi chake cha njerwa chidakalipo.

Ofuna nyama zakutchire ali ndi mbali ziwiri. Kumpoto, kumalire ndi Rumphi, kuli Vwaza Marsh Wildlife Reserve komwe mvuu zimakhala m'nyanja ya Kazuni ndipo njovu zimabwera kudzamwa madzi. Kummwera kuli Kasungu National Park, komwe mu 2022 kudasamutsidwira njovu 263 kuchokera ku Liwonde. M'malo osungira nyama a boma, nzika za dziko lino zimalipira ndalama yochepa pachipata poyerekeza ndi alendo akunja, choncho musaiwale chiphaso chaunzika.

Kusiyana kwakukulu ndi kwakuti paki yachisangalalo imakukonzerani zonse, pomwe ulendo wa kuno mumakonza nokha. Choyamba ndi nyengo. Mu Juni ndi Julayi ku Viphya kumazizira kwambiri ndipo m'mawa kumagwa nkhungu, motero ana amafunika majuzi ndi mabulangete okwanira. Tchuthi cha Khirisimasi chimagwera m'dzinja, pomwe misewu yafumbi imaterera ndipo galimoto yaing'ono ikhoza kutitimira. Nyama zimaoneka bwino m'chilimwe, udzu utauma ndipo madzi atachepa m'tchire. Chachiwiri ndi kufunsiratu mitengo ya chipinda, chakudya ndi masewera, chifukwa malo ena amalola alendo kumanga tenti ndi kudziphikira, zomwe zimachepetsa ndalama. Chachitatu ndi chitetezo. Mwana asalowe m'bwato wopanda jekete yoyandamitsa, asatuluke m'galimoto pomwe pali njovu, ndipo kumalo otentha monga Vwaza agone m'masikito.

Pali chifukwa china choganizira tchuthi chapafupi. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala oposa 50,000, inkawerengedwa m'gulu la nkhalango zikuluzikulu zobzalidwa ndi anthu mu Africa muno. Gawo lalikulu la nkhalangoyi latha chifukwa cha moto wolusa komanso kudula mitengo popanda kubzala ina, ndipo aliyense woyenda pa msewu wa Mzimba–Mzuzu amaona zitsa ndi mapiri a mbee. Makina a ku Gold Reef City akawonongeka amakonzedwa m'masabata ochepa, koma paini amatenga zaka zoposa 20 kuti akule. Banja likalipira pogona, kulemba wotsogolera ulendo ndi kugula mbatata kapena bowa m'mbali mwa msewu, ndalamayo imatsala m'manja mwa anthu ozungulira nkhalango, ndipo iwo amakhala ndi chifukwa choti aiteteze ku moto.

Amene ali ndi thumba lokwanira ulendo wa ku Joni sakulakwa kupita. Koma kwa banja lodalira malipiro a pamwezi, masiku awiri ku Luwawa kapena tsiku limodzi ku Hora ndi tchuthi chenicheni, chosafuna ngongole ya katapila. Poti tchuthi chachitali chimayamba kumapeto kwa Julayi, nthawi yabwino yoyamba kusunga ndalama ndi kufunsa za malo ndi pomwe ana akuyamba teremu yachitatu.