N'chifukwa chiyani ng'oma za pa kompyuta zimamveka ngati loboti?

Tchuthi cha Khrisimasi chikayandikira, ophunzira ambiri amatsegula FL Studio pa laputopu kapena BandLab pa foni n'kuyamba kujambulanso nyimbo yotchuka ya nyengoyi ndi mawu awo. Mawu amatuluka bwino, kiyibodi nayonso bwinobwino, koma ng'oma zokha zimamveka ngati chigayo: phokoso lomwelo, mphamvu yomweyo, mpaka nyimbo kutha. Chimene chimachitika n'chakuti kompyuta imabwereza chinthu ndendende, pamene khutu lathu linazolowera ng'oma yoimbidwa ndi munthu. Physics ya mafunde ndi phokoso imene mumaphunzira m'kalasi ikhoza kukuthandizani kukonza zimenezi.

Ng'oma ikamenyedwa

Mukamenya ng'oma, chikopa chimanjenjemera n'kumakankha mpweya, ndipo mafunde amenewo ndi amene amafika m'khutu. Amplitude ikakula, phokoso limakulanso. Frequency, imene timayeza mu Hz, ndi imene imachititsa kuti phokoso likhale la besi kapena lopyapyala. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira 20 Hz mpaka cha m'ma 20,000 Hz. Kick imagunda kwambiri pakati pa 50 ndi 100 Hz, pamene hi-hat ili m'masauzande.

Chikopa sichinjenjemera pa frequency imodzi yokha. Chingwe cha gitala chimatulutsa frequency yoyamba, kenako ina yowirikiza ka 2, ka 3, ka 4, n'chifukwa chake timamva noti yomveka bwino. Pa chikopa chozungulira manambala ake ndi osokonekera: 1.59, 2.14, 2.30. Mukamenya pakati, zotsikazo ndi zimene zimamveka kwambiri. Mukamenya m'mphepete, zokwerazo zimadzuka. Anthu oimba ng'oma kumudzi amazidziwa izi ngakhale sanalembepo MSCE: amawamba ng'oma pamoto kuti chikopa chikungike, frequency n'kukwera, ndipo amamata phula pakati kuti chilemere, frequency n'kutsika.

Chinanso, kumenya mwamphamvu sikungowonjezera amplitude. Kumadzutsanso ma frequency okwera ambiri, ndiye phokoso limathwa. Choncho ng'oma yeniyeni simveka chimodzimodzi kawiri. Koma kompyuta imatenga sample imodzi, yomwe ndi phokoso lojambulidwa kamodzi, n'kumaibwereza maulendo mazanamazana. Ubongo suchedwa kuzindikira kuti apa palibe munthu.

Yambani ndi velocity

Mapulogalamu a nyimbo amagwiritsa ntchito MIDI, njira imene inayamba mu 1983. Mu MIDI, mphamvu ya kamenyedwe imatchedwa velocity. Musaisokoneze ndi velocity ya m'kalasi ija: iyi ndi nambala chabe, kuyambira 1 mpaka 127. Mukaika manoti ndi mouse, onse amakhala pa nambala imodzi, ndipo uloboti umayambira pamenepo.

Yesani hi-hat motere: 95, 65, 85, 60, kenako bwerezani mukusinthako pang'ono. Snare ya pa biti yachiwiri ndi yachinayi ikhale cha m'ma 110, ndipo pakatipakati ikanimo timanoti tofooka ta 30 kapena 40, timene oimba amati ghost notes. Sankhaninso kit imene ili ndi ma sample angapo pa ng'oma iliyonse, ena omenyedwa pang'ono, ena mwamphamvu. Ngati sample ndi imodzi, kutsitsa velocity kumangochepetsa voliyumu basi, phokoso silisintha mtundu.

Nthawi: tiwerengere limodzi

Nyimbo ya 120 BPM ili ndi mabiti 120 pa miniti, ndiye biti imodzi ndi 60 ÷ 120 = 0.5 s, kapena 500 ms. Mukaigawa panayi, kanoti kalikonse katenga 125 ms. Kompyuta imaika noti iliyonse pamzere penipeni. Munthu amatsogola kapena kuchedwa ndi mamilisekondi ochepa.

Sunthani manoti ena ndi 5 mpaka 15 ms, koma osati mwachisawawa. Woimba wabwino ali ndi chizolowezi: snare ikamachedwako pang'ono nthawi zonse, nyimbo imamveka yodekha, ndipo hi-hat ikamatsogolako, imamveka yachangu. Mukangomwaza manoti uku ndi uku, zimveka ngati woimbayo walawako. Kick isiyeni pafupi ndi mzere kuti besi ikhale ndi potsamira. Njira yosavuta kuposa zonse ndi kuimba hi-hat ndi chala chanu pa kiyibodi kapena pa foni, n'kukonza zokhazo zimene zaphonya kwambiri.

Kumbukiraninso kuti munthu ali ndi manja awiri ndi mapazi awiri. Ngati snare, tom, hi-hat ndi crash zikulira nthawi imodzi, dzanja lachitatu ndi lachinayi lachokera kuti? Pa fill, hi-hat ikhale chete.

Chipinda nachonso chimaimba

Phokoso limayenda pafupifupi 343 m/s mumpweya wa 20 °C. Ngati khoma lili mamita 3 kuchokera pa ng'oma, phokoso limayenda mamita 6 kupita ndi kubwerera, ndiye 6 ÷ 343 ndi cha m'ma 17 ms. Khutu silimva zimenezi ngati echo, chifukwa echo imafuna pafupifupi 0.1 s, khoma lili mamita 17. M'malo mwake mafunde obwerera amasakanikirana ndi oyamba aja, ubongo n'kudziwa kukula kwa chipinda. Ma sample ouma alibe zimenezi. Tumizani ng'oma zonse ku reverb imodzi yaifupi kuti zimveke ngati zili m'chipinda chimodzi. Iliyonse ikakhala ndi yakeyake, zimveka ngati kick ili m'bafa, snare ili m'tchalitchi.

Kenako onjezerani chinthu chimodzi chenicheni. Thirani mpunga m'kabotolo, jambulani mukukhutchumula nyimbo yonse, kapena ombani m'manja ndi anzanu. Pomaliza mvetserani pa foni. Sipika yake ndi yaing'ono, siikankha mpweya wokwanira pa 60 Hz, ndiye kick imene imagunda m'mahedifoni ikhoza kusoweratu.

Makina si mlandu

Nyimbo ya Wham! ya 1984, "Last Christmas", ili ndi ng'oma za makina a LinnDrum, ndipo anthu amaikondabe mpaka lero. Ngati mukufuna kuti zimveke ngati makina, palibe cholakwa, bola mwachita kusankha. Koma dziwani kuti nyimbo imeneyi ili ndi eni ake, ndipo kuigulitsa kapena kuitulutsa pagulu kumafuna chilolezo. Kuno ku Malawi nkhani za umwini wa nyimbo zimayang'aniridwa ndi COSOMA. "Silent Night", imene Franz Gruber anaiika nyimbo mu 1818 ku Austria, ndi yakale moti aliyense akhoza kuijambula m'njira yake.

Ntchito ya patchuthi ndi iyi: vundikirani ndowa, imenyeni ka 10 mukuyesetsa kuti mphamvu ikhale yofanana, ndipo jambulani ndi foni. Tsegulani mu Audacity, kulitsani chithunzi cha mafunde, n'kuyerekeza msinkhu wake ndi mipata ya pakati pake. Lembani manambalawo, ndipo muwagwiritse ntchito posintha velocity ndi nthawi mu biti yanu.