Apozi wa Grew ndi chinanazi cha Merian

Mu 1682 ku London kunatuluka buku la dokotala Nehemiah Grew lotchedwa The Anatomy of Plants. Mu 1705 ku Amsterdam mayi Maria Sibylla Merian anatulutsa lawo lofotokoza tizilombo ta ku Suriname, lokhala ndi zithunzi 60. M'mabuku onsewa muli zipatso zojambulidwa pozokota mkuwa ndi kudinda papepala, koma anthu awiriwa sankafuna chinthu chimodzi pa chipatso.

Grew ankayamba ndi mpeni. Ankadula apozi, ndimu kapena pulamu mopingasa, n'kusenga kachidutswa kopyapyala n'kukaika pa maikulosikopu, chida chimene Robert Hooke anachitchukitsa mu 1665. Anaona kuti mnofu wa chipatso ndi timatumba tambirimbiri tothithikana, ndipo zoterezi ankaziyerekeza ndi thovu la mowa. Analondola timitsempha tochokera kuphesi n'kumwazikana mumnofumo. Mu peyala la ku Ulaya anapezamo timiyala tolimba, tija timachita sekesa m'mano, ngati tomwe timamva tikamadya gwafa. Iye ankati ndi madzi a mtengo amene aundana. Lero tikudziwa kuti ndi maselo a zikhungu zochindikala, koma malo ake anawalozadi molondola.

Zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera, ndipo n'zolongosoka mopitirira muyezo. Mizere yake ndi yofanana bwino lomwe moti umakayika ngati galasi la nthawi imeneyo linkaonetsadi zoyera choncho. Dzanja lojambula linawongolako ndithu.

Merian sanayambe ndi mpeni. Anakwera sitima mu 1699 ali ndi zaka 52, limodzi ndi mwana wawo Dorothea, n'kukakhala ku Suriname mpaka matenda atawabweza mu 1701. Chithunzi choyamba m'buku lawo ndi chinanazi, ndipo pomwepo pali mphemvu. Nthochi, papaya, chivwende, zonse zili ndi mbozi kapena gulugufe amene ankamupeza pamenepo, masamba ali obooka ndi kudyedwa. Panthambi ya gwafa anaikapo kangaude wamkulu akudya kambalame, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri ena ankati n'zopeka, mpaka ena atadzionera okha. Zina zimene analemba zokhudza ntchito ya zomerazo anazimva kwa eni dziko komanso kwa akapolo a m'minda ya nzimbe, anthu amene mayina awo sali m'bukumo.

Nawonso anawongolako. Mbozi, chikwa ndi gulugufe sizipezeka patsamba limodzi tsiku limodzi, koma iwo anaziika pamodzi kuti nkhani ioneke yonse, ndipo pena anaphatikiza mbozi ndi gulugufe wosakhala wake. Mbale zambiri za mkuwa zinazokotedwa ndi amisiri olembedwa ntchito monga Pieter Sluyter ndi Joseph Mulder. Wogula wandalama ankatenga buku lopakidwa mitundu pamanja, wina n'kutenga losapaka.

Ine mtima wanga umapendekera kwa Merian, chifukwa mlimi atha kuzindikira munda wake m'zithunzizo. Komabe galasi lokulitsira limene iwo ankaonera mapiko a agulugufe silikanayankha funso limene linkamusowetsa tulo Grew, lakuti madzi ochokera kumizu amadutsa njira iti kuti akafike mu apozi.