Kakwiyo wa ku Liwonde pa chithunzi chojambula pamanja

Achinyamata ojambula zithunzi za nyama zakutchire m'maboma a Machinga ndi Balaka ali ndi mwayi umene anzawo analibe zaka khumi zapitazo. Nyama imene kale ankaikopera pa makalendala ochokera kunja tsopano ikukhala pafupi, mu Liwonde National Park.

Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mu 2015 mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Mu 2017 akakwiyo anayi anabwera kuchokera ku South Africa, patadutsa zaka pafupifupi 20 nyamayi isakuonekanso m'Malawi. Mikango inatsatira mu 2018.

Vuto ndi lakuti anthu ambiri sasiyanitsa kakwiyo ndi nyalugwe, ndipo chithunzi chosokoneza nyama ziwirizi mlendo wodziwa nyama sangachigule. Kakwiyo ndi wowonda, wa miyendo itaiitali ndi mutu waung'ono. Mawanga ake ndi madontho akuda odzaza, pamene a nyalugwe amazungulira ngati kaduwa, pakati pali pofiirira. Chizindikiro chachikulu chili kumaso: mzere wakuda umatsika kuchokera pakona ya diso lililonse kufika pakamwa, ngati njira ya misozi. Nyalugwe alibe mzerewu. Njuzi nayonso ili ndi mawanga, koma ndi yaing'ono, ya makutu aakulu.

Malo ozungulira nyamayo pa chithunzi nawo ayenera kunena zoona. Nyalugwe ndiye amakweza nyama yake mumtengo. Kakwiyo amasaka masana, makamaka m'mawa ndi madzulo, pamalo oyera pomwe angathamange, ndipo amakonda kukwera pachulu kuti aone nswala patali. Wojambula womuika pansi pa phiri la Kilimanjaro wataya chimene akanagulitsa. Liwonde ili ndi madambo a m'mbali mwa Shire, migwalangwa, nkhalango ya tsanya, milambe ndi phiri la Chinguni, zimene mlendo angafune kupita nazo kwawo.

Nkhaniyi ikukhudzanso alimi a m'midzi yoyandikana ndi mpanda. Chilombo chikagwira mbuzi, kufotokoza bwino maonekedwe ake kwa amfumu ndi kwa oyang'anira malowa kumathandiza kuti adziwe msanga nyama yofunika kuilondola. Chithunzi cholondola chopachikidwa m'kalasi chikhoza kuphunzitsa ana kusiyana kumeneku asanakumane ndi nyamayo.