Phazi la mbalame m'buku la agalu

Wogulitsa galu ku England akangonena kuti galu wake ndi pedigree, mtengo umakwera pomwepo, ndipo wogula amamva ngati magazi a nyamayo ndi oposa a zinzake. Komatu mawuwa sanabadwire m'khola. Anachokera ku Chifalansa chimene chinazika mizu ku England a Norman atalanda dzikolo mu 1066. Ankati pé de grue, kutanthauza phazi la mbalame ina ya miyendo italiitali, m'bale wake wa ija ili pa mbendera ya Uganda. Alembi polondoloza mibadwo ya mabanja olemera ankajambula timizere titatu tochoka pa dzina la kholo kutsikira kwa ana, ndipo kachizindikiroko kankafanana ndi pamene mbalameyo yaponda m'matope. Ena kale ankati gwero lake ndi par degrés, kutanthauza kutsika sitepe ndi sitepe, koma kalembedwe ka m'zaka za m'ma 1400 monga pedegru kakuonetsa dzina la mbalameyo poyera.

Choncho pedigree ndi cholembedwa chabe, ndipo poyamba chinali cha anthu olimbirana chuma chamasiye ndi maudindo. Ziweto zinalowamo mochedwa. Mu 1791 James Weatherby anayamba General Stud Book, buku la mahatchi a mpikisano, ndipo bungwe la agalu la Kennel Club linakhazikitsidwa mu 1873. Kuyambira pamenepo nyama inkatchedwa ya mtundu weniweni chifukwa makolo ake ali m'buku.

Wina anganene kuti chiyambi cha mawu sichilamula tanthauzo lake lero, komanso kuti mlimi amapindula akadziwa makolo a ng'ombe yake ya mkaka. Zonsezi n'zoona, ndipo kusunga mbiri ya ziweto ndi ntchito yoyenera ulemu. Vuto limabwera tikayamba kulifunsa bukulo zimene silinalembe. Limanena amene anabereka, osati ngati mwanayo ali bwino. Likatsekedwa kuti magazi achilendo asalowe, nyama zapachibale zimakwerana mobwerezabwereza ndipo matenda a kumtundu amachuluka. Galu wa mtundu wa Bulldog wa mapepala okwanira amapuma movutikira chifukwa cha mphuno yophwatalala, ndipo ana ake ambiri amabadwa pa opaleshoni popeza mitu ndi yaikulu. Mu 2008 BBC inaonetsa mavuto oterewa pa kanema, kenako inasiya kuulutsa chionetsero cha agalu cha Crufts, kumene agalu odwala chotere ankapatsidwa mphoto.