Dzuwa limaononga diso osamva kuwawa

Ambiri a ife tikukumbukira kadamsana wa pa 21 Juni 2001, pamene dzuwa linada masanasana m'madera ena a Zambia, Zimbabwe ndi kuno ku Mozambique. Pa tsiku lotere palibe amene amakhala m'nyumba. Ena amadetsa galasi ndi mwaye, ena amavala magalasi akuda a pamsika, ena amangotsinzinira n'kuyang'ana kumwamba. Njira zonsezi siziteteza maso ayi.

Kumbuyo kwa diso, m'kati mwenimweni, kuli kansalu kopyapyala kamene madokotala amakatcha retina. Kansalu kameneka ndi kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Pakati pake pali kamalo kakang'ono kachikasu, ndipo ndi kamene timawerengera kalata, kulowetsera ulusi pa singano ndi kuzindikirira nkhope ya munthu amene akubwera panjira. Munthu akayang'ana dzuwa, kuwala konse kumasonkhana pa kamalo komweka.

Choopsa n'chakuti retina samva kuwawa. Mwana akhoza kuyang'anitsitsa dzuwa, n'kupita kukasewera bwinobwino. Patapita maola angapo ndi pamene amayamba kudandaula kuti akuona kadontho kakuda pakati pa chilichonse, kapena kuti mizere ya m'kope ikuoneka yokhota. Ambiri amayamba kupeza bwino pakapita masabata kapena miyezi, koma ena kadonthoko amakhala nako moyo wonse. Mwana wotere apite kuchipatala msanga, ndipo musamuthire madzi a zitsamba m'maso.

Kodi kuwala kumaononga bwanji? Kale anthu ankaganiza kuti kumangotentha basi. Koma mu 1966 katswiri wina wa ku America, Werner Noell, anaonetsa kuti makoswe osungidwa pa kuwala kosatentha nkomwe nawonso anaonongeka retina. Chimene chimachitika n'chakuti retina imagwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni wambiri. Kuwala kukachuluka, mpweyawo umabala tizinthu tolusa timene timadya mafuta ofewa a m'kansaluko, monga momwe dzimbiri limadyera khasu losiyidwa pamvula.

Thupi lili ndi asilikali ake olimbana ndi dzimbiri limeneli, amene pachizungu amati antioxidants. Ndipo ambiri mwa iwo timawapeza m'mbale. Chikasu chija cha pakati pa retina chimachokera ku zinthu ziwiri, lutein ndi zeaxanthin, zimene thupi silitha kupanga lokha. Zimasefa kuwala kwamphamvu kusanafike pamalo osachedwa kuonongeka, komanso zimazimitsa tizinthu tolusa tija. Zimapezeka m'ndiwo zamasamba zobiriwira kwambiri monga nkhwani, bonongwe, chigwada, khwanya ndi mpiru, komanso m'chikasu cha dzira ndi m'chimanga chachikasu.

Apa tiwayamikire amayi athu. Zinthu ziwirizi zimalowa bwino m'thupi zikakhala pamodzi ndi mafuta, ndiye mayi wotendera nkhwani ndi nsinjiro amachita zoyenera ngakhale sanawerengepo buku la zaumoyo. Mtedzawo ulinso ndi vitamini E, pamene malambe, masau ndi magwafa zili ndi vitamini C. N'zomvetsa chisoni kuti ena akagulitsa mbatata kapena fodya amayamba kunyoza masamba, amvekere ndi ndiwo za amphawi.

Umboni ulipo, koma tisauonjezere mchere. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa AREDS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2001, anapeza kuti mavitamini amenewa pamodzi ndi zinki anachepetsa ndi pafupifupi 25 peresenti ngozi yoti matenda a ukalamba a pakati pa retina afike poipa. Koma izi zinali kwa okalamba amene matendawo anali atawayamba kale. Palibe ndiwo kapena mbulu wa mankhwala umene ungalole munthu kuyang'ana dzuwa. Ndipo wosuta fodya amadzichotsera yekha chitetezo chimene masamba amamupatsa.

Si dzuwa lokha. Ana amakonda kuunjikana pamene akuwotcherera njinga ndi ngolo pamsika. Moto umene uja umapsereza kutsogolo kwa diso, ndipo usiku wake mwana amalira kuti m'maso muli mchenga. Palinso timatochi ta leza, tofiira kapena tobiriwira, timene ana amaunikirana kumaso posewera. Tina mwa timeneti tikhoza kuononga retina m'kanthawi kochepa. Makolo tilandeni.

Kadamsana wina adzachitika pa 25 Novembala 2030. Dzuwa lidzada lonse m'madera ena a Namibia, Botswana ndi South Africa, ndipo kuno lidzaphimbika mbali imodzi. Mbali yotsalayo idzakhala yoopsa chimodzimodzi. Wofuna kuona abowole kabowo kakang'ono pa katoni, afulatire dzuwa, n'kuyang'ana chithunzi chimene chagwera pansi. Kapena angokhala pansi pa mtengo wa mango: timadontho ta kuwala todutsa m'masamba tonse tidzaoneka ngati mwezi wongokhala kumene.